Ntchito yojambula storyboard ya mafilimu akuluakulu: mafunso ndi mayankho

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito m'mafilimu amafuna kudziwa akatswiri otchuka amene ndinagwiranapo nawo chanza. Ndikawauza kuti chida changa ndi pensulo, komanso kuti nthawi zambiri ndimamaliza gawo langa ochita sewerowo asanafike n'komwe, chidwi chija chimazirala. Amene amatsala akufunsabe ndi achinyamata odziwa kujambula pamanja, ndipo mafunso awo amakhala ofananafanana. Nawa mafunsowo ndi mayankho anga.

Kodi storyboard n'chiyani kwenikweni?

Ndi zithunzi zojambula pamanja, zondondozana, chilichonse m'kabokosi kake, zosonyeza zimene kamera idzaone kuyambira poyambira gawo la filimu mpaka pothera pake. Pansi pa kabokosi kalikonse pamalembedwa mawu ochepa: nambala ya shot (kachidutswa kamene kamera imajambula kamodzi osadukiza), zimene munthu akuchita, ndi mmene kamera ikuyendera.

Filimu imayamba ili mawu okhaokha. Wolemba akhoza kulemba mzere umodzi wakuti basi yagwera mumtsinje ndipo anthu akulimbirana kutuluka. Kuwerenga mzerewo sikutenga nthawi, koma kuti uoneke pa kanema pamafunika kuyankha mafunso ambirimbiri. Kamera ikhale m'basimo kapena kutsidya? Tione kaye nkhope ya dalaivala kapena tayala likuphulika? Pafunika mabasi angati oti awonongedwe? Madziwo akhale a mtsinje weniweni kapena a m'thanki ya mu situdiyo? Dairekita ali ndi chithunzi m'mutu mwake, mkulu wa makamera ali ndi chake, woyang'anira ma stunt (zochitika zoopsa monga kugwa ndi ngozi za magalimoto) ali ndi chakenso, ndipo aliyense akuyesa kuti anzake akuona zomwezo. Storyboard imaika chithunzi chimodzi patebulo kuti onse akanganirane pamenepo zinthu zikadali papepala. Ndi monga telala amachitira, kulemba kaye ndi choko pansalu asanalowetse sizasi. Choko chimafufutika, koma nsalu ikadulidwa yadulidwa.

Luso limeneli linayambira kuti?

Mmene tikulidziwira lero linakhwimira ku situdiyo ya Walt Disney ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Amene amatchulidwa kuti anayambitsa ndi Webb Smith, yemwe ankajambula zochitika pa timapepala tosiyanasiyana n'kutikhoma pa bolodi motsatana, kuti nkhani yonse ioneke nthawi imodzi ndipo kusintha kukhale kongozula kapepala n'kuikapo kena. Katuni ya Three Little Pigs ya mu 1933 imatchulidwa kuti ndi yoyamba kukonzedwa yonse mwanjira imeneyi. Opanga mafilimu a anthu enieni anatengera msanga, ndipo William Cameron Menzies anagwiritsa ntchito kwambiri njirayi pokonza Gone with the Wind ya mu 1939.

Ndiye kuti filimu yonse imajambulidwa kaye papepala?

Ya katuni, inde, yonse. Ya anthu enieni, kawirikawiri ayi. Script, kutanthauza nkhani yolembedwa ya filimu yaitali, imakhala masamba 90 mpaka 120, ndipo amawerengera kuti tsamba limodzi ndi pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Si masamba onsewo amene amafika patebulo panga. Anthu awiri akucheza m'khitchini, dairekita ndi mkulu wa makamera amathana nazo okha tsiku lomwelo. Ine amandiitanira magawo odula ndi oopsa: kuthamangitsana kwa magalimoto, ndewu, moto, madzi, chinamtindi cha anthu, nyama, ndiponso paliponse pamene kompyuta idzawonjezere zinthu zimene panalibe. Kampani yopanga zithunzi za pakompyuta singatchule mtengo isanadziwe kuti chilombo chidzaoneka m'ma shot angati, patali bwanji, kwa masekondi angati. Imawerenga zimenezo pa storyboard.

Alipo madairekita amene amafuna chilichonse chijambulidwe. George Miller anakonza Mad Max: Fury Road ndi zithunzi pafupifupi 3,500, mothandizana ndi Brendan McCarthy, Mark Sexton ndi ena, asanapite kukaijambula m'chipululu cha ku Namibia. Bong Joon-ho wa ku South Korea amajambula yekha shot iliyonse, ndipo storyboard ya Parasite inasindikizidwa ngati buku. Madairekita awiri apachibale, Joel ndi Ethan Coen, akhala akugwira ntchito ndi J. Todd Anderson kwa zaka zambiri. Mbali inayo kuli Werner Herzog, amene sabisa kuti njirayi amadana nayo chifukwa imapha zinthu zobwera mwadzidzidzi. Ngakhale mawu akewo amandilanda nsima pakamwa, sindimutsutsa kotheratu. Dairekita amene wamangirira maso papepala saona chinthu chabwino chimene wochita sewero wabweretsa m'mawa umenewo. Vuto pamenepo ndi la dairekitayo, osati la pepala.

Ntchito imayenda bwanji kuyambira tsiku loyamba?

Ndimayamba n'kuwerenga script yonse, ngakhale andipatse gawo limodzi lokha, chifukwa ndewu ya pa tsamba 70 imajambulidwa mosiyana malinga ndi amene woonera akumukonda pofika pamenepo. Kenako timakhala pansi ndi dairekita. Iye akulankhula, ine ndikukanda tizithunzi tating'onoting'ono ngati bokosi la machesi, timene munthu wina sangatimvetse. Ndimamutembenuzira pepala, iye amati ayi, kamera itsike, kapena mtsikanayo alowere kumanzere. Msonkhano umenewu ndiwo mtima wa ntchito yonse, ndipo amene amachedwa kujambula amatsalira pomwepo, chifukwa dairekita sadikira kuti mumalize kukongoletsa tsitsi.

Ndisanayambe mabokosi enieni ndimajambula mapu a malowo ngati ndikuwaona ndili kumwamba: chitseko apa, galimoto apo, anthu aima apa, kamera yoyamba apa, yachiwiri uko. A dipatimenti yokonza malo amandipatsa mapulani a nyumba zimene akumanga ndi zithunzi za malo amene asankha. Zimenezi n'zofunika kwambiri. Ndikajambula kamera ili pamalo pamene m'nyumba yeniyeniyo pali khoma losagumulika, chithunzicho chikhale chokongola bwanji, ndanamiza gulu lonse.

Zikatero ndimajambula gawo lonse mwachisawawa, dairekita amaliona, timasintha, mkulu wa makamera amaliona, timasinthanso, wa ma stunt amati munthu sangalumphe mtunda umenewo, timasinthanso. Pomaliza mpamene ndimayeretsa mizere ndi kuika mithunzi. Madairekita ena safuna n'komwe zoyeretsazo, amangotenga zokandakanda zija n'kumapita.

Ndimatha kujambula nkhope ya munthu n'kufanana naye ndendende. Ndiye kuti ndikhoza ntchitoyi?

Luso limenelo ndi labwino, koma kuno silimene limagulidwa. Ambiri ojambula nkhope amakopera pa chithunzi cha pafoni, ndipo amatha masiku pa nkhope imodzi. Pa storyboard palibe chokopera. Mukufunika kutulutsa m'mutu munthu akugwa chagada kuchokera padenga, womuonera pansi, m'mphindi zochepa, kenako munthu yemweyo womuonera pamwamba. Nkhope ingokhala ndi maso osonyeza kumene akuyang'ana ndi pakamwa posonyeza mantha kapena mkwiyo, basi. Chofunika n'chakuti kalipentala, dalaivala wa ma stunt ndi producer akayang'ana kamodzi amve chimene chikuchitika popanda wowafotokozera.

Mukaona zimene Martin Scorsese anajambula pokonzekera Taxi Driver mudzaseka, chifukwa ndi zosalongosoka ngati za mwana wa ku pulayimale. Koma kamera ili pamalo ake, ndipo shot iliyonse ikutsogolera ku inzake. Zoterozo zimaposa chithunzi chokongola chimene sichikusonyeza kuti kamera yaima pati.

Chovuta kwambiri kuphunzira n'chiyani?

Kuganiza ngati kamera. Dzanja limaphunzira msanga, mutu ndiwo umachedwa.

Choyamba ndi bokosi. Wojambula makatuni a m'nyuzipepala ndi m'mabuku ali ndi ufulu: bokosi lina lalitali, lina lopyapyala, lina lodzaza tsamba lonse. Mufilimu nthawi zambiri bokosi ndi limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kutambalala kwake poyerekeza ndi msinkhu wake kawirikawiri kumakhala 1.85:1 kapena 2.39:1, pamene TV ndi 16:9. Bokosi la 2.39:1 ndi lotambalala kwambiri koma lalifupi. Ndi labwino pa chigwa ndi gulu la asilikali, koma yesani kuikamo munthu mmodzi wamtali ataimirira pafupi ndi mwana, muona mavuto ake. Funso langa loyamba pa filimu iliyonse limakhala la kukula kwa bokosi, ndisanasongole n'komwe pensulo.

Chachiwiri ndi lenzi. Lenzi ya 24mm imaonetsa malo ambiri, chapafupi chimakula mopitirira, chapatali chimachepa, ndipo kachipinda kakang'ono kamaoneka kotakasuka. Lenzi ya 85mm kupita m'mwamba imapanikiza mtunda, moti munthu amene ali kutali kumbuyo amaoneka ngati ali paphewa pa mnzake. Wojambula amene sadziwa zimenezi amatulutsa chithunzi chimene palibe lenzi ingachijambule: nkhope yaikulu ngati ya lenzi yaitali, koma kumbuyo kukuoneka mudzi wonse. Mkulu wa makamera akaona zotere amasiya kukukhulupirirani, ndipo storyboard yonse amaiika pansi pa kapu ya tiyi.

Chachitatu ndi msinkhu wa kamera. Mzere umene dziko limakumana ndi thambo umadutsa pamsinkhu wa kamera nthawi zonse. Kamera ikakhala pa mawondo, mzerewo udzadutsa m'mawondo mwa aliyense amene waima pamalo athyathyathya, wapafupi ndi wakutali yemwe. Kamfundo kameneka kokha kamakonza zithunzi zambiri za ongoyamba kumene.

Chachinayi, chimene chimagwetsa ambiri, ndi mzere wa madigiri 180. Anthu awiri akamalankhulana, ganizirani mzere wosaoneka wowalumikiza. Kamera ikasankha mbali imodzi ya mzerewo izikhala mbali yomweyo. Mayi akayang'ana kumanja ndipo mwana kumanzere, zikhale choncho m'ma shot onse. Mukadumpha mzerewo, onse awiri adzayang'ana mbali imodzi, ndipo woonera adzasokonezeka osadziwa chamusokoneza. N'chimodzimodzi pothamangitsana: wakuba akathawira kumanja, wapolisi athamangirenso kumanja, apo ayi zidzaoneka ngati akuthamangirana kuti akumane. Lamuloli limaswedwa ndithu, koma mwadala, pamene dairekita akufuna woonera amve kuti zinthu zatembenuka.

Pamwamba pa zonsezi pali funso limene ndimadzifunsa pa bokosi lililonse: woonera akudziwa chiyani tsopano chimene samadziwa m'bokosi lapitalo? Ngati palibe, shot imeneyo ndi yongodya ndalama.

Nanga mivi imene imadzaza m'zithunzimo?

Chithunzi sichiyenda, ndiye mivi imanena za kuyenda. Muvi wa m'kati mwa bokosi ndi wa munthu kapena chinthu. Muvi wa m'mphepete kapena m'makona ndi wa kamera: kutembenuka, kuweramira pansi, kuyandikira, kubwerera m'mbuyo. Kamera ikamayenda mtunda wautali ndimalumikiza mabokosi angapo kukhala chithunzi chimodzi chachitali.

Mumagwiritsa ntchito zida zanji?

Pamsonkhano, pensulo ndi pepala wamba. Pa ntchito yeniyeni ambiri tinasamukira pa kompyuta ndi tabuleti yojambulira ya Wacom kapena iPad, ndi mapulogalamu monga Photoshop, Storyboard Pro, Procreate kapena Clip Studio Paint. Chifukwa chake si kukongola ayi, koma kusintha. Dairekita akati munthuyo asunthire kumanzere, ndimangomukoka osayambiranso. Malo akakhala ovuta ndimawamanga mwachidule mu SketchUp kapena Blender n'kuikamo kamera ya lenzi yoyenera. Blender ndi yaulere. Musadikire kugula tabuleti kuti muyambe, chifukwa zonse ndanena pamwambapa zimaphunzirika ndi bolopeni.

Maganizo amakhala a ndani, anu kapena a dairekita?

Filimu ndi ya dairekita, ndipo amene sangameze mfundo imeneyi asalowe ntchitoyi. Koma madairekita amasiyana. Wina amabwera ndi mndandanda wa ma shot wolemba kale, ndipo ine ndimangokhala dzanja lake. Wina amangoti akufuna woonera achite mantha pamenepa, ndipange njira zitatu asankhepo. Apa mpamene ntchito imakoma, chifukwa kwa masiku angapo ndimakhala ndikuyendetsa filimuyo papepala. Wachitatu ndi uja sadziwa chimene akufuna mpaka ataona chimene sakufuna. Ameneyu amatopetsa, komabe ndi amene amandifuna kwambiri.

Ena amajambula okha. Ridley Scott anaphunzira ku Royal College of Art ku London, ndipo zithunzi zimene anajambula pokonzekera Alien ya mu 1979 zinachititsa kuti eni ndalama awirikize kawiri bajeti ya filimuyo. Akira Kurosawa, atasowa omupatsa ndalama za Kagemusha, anakhala akupenta zochitika za filimuyo papepala, poopa kuti mwina sidzajambulidwa n'komwe.

Nkhani ya mwini maganizo inabutsapo mkangano wotchuka. Saul Bass ndi amene anajambula storyboard ya gawo la kubafa mu Psycho ya Alfred Hitchcock ya mu 1960. Patapita zaka Bass ananena kuti ndi iye anatsogoleranso kujambula gawolo ndi kamera, koma Janet Leigh, amene anasewera gawolo, anakana. Harold Michelson anajambula storyboard za The Birds ndi The Graduate, ndipo chithunzi chotchuka cha mnyamata wooneka kupyolera pansi pa mwendo wa mzimayi chimatchulidwa kuti chinachokera pa pensulo yake, koma kwa zaka zambiri dzina lake silinkadziwika kunja kwa Hollywood. Ine maganizo anga ndi akuti ganizo likalowa mufilimu lapeza mwini wina. Ndikaona shot yanga pa kanema ndimakondwa chamumtima, ndipo amene amapereka ntchito amadziwa kuti inachokera kwa yani.

Mumapita nawo kumalo ojambulira filimu?

Mwa apo ndi apo. Kawirikawiri kamera ikamayamba kuzungulira ine ndili kale pa filimu ina. Zithunzi zanga ndizo zimapita. Amazimata pa bolodi lalikulu pafupi ndi dairekita, ndipo shot iliyonse ikatheka wothandizira wake amaidula ndi cholembera. Pofika madzulo ntchito yanga yonse imakhala yodulidwadulidwa, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Amandiitana pokhapokha zinthu zikasintha mwadzidzidzi, monga mvula ikawononga malo kapena script ikalembedwanso usiku.

Sizipweteka kuona ntchito yanu yatayidwa?

Zimapweteka poyamba. Pa filimu ina ndinatha masabata ndikukonza gawo la ngozi ya pamlatho, dairekita analikonda, aliyense analikonda. Owerengera ndalama ataliwerengera anapeza kuti gawo lokhalo lidya ndalama za magawo ena angapo, ndipo linachotsedwa lonse. Mufilimu yomalizidwa ngoziyo imangomveka pa wailesi ya m'galimoto. Koma taganizani: akanazindikira zimenezi atamanga kale mlathowo, bwenzi zitavuta kwambiri. Malipiro anga a masabata amenewo anali kachinthu kochepa poyerekeza ndi zimene anapulumutsa. Storyboard imene yaphetsa gawo losatheka yagwira ntchito yake mofanana ndi imene yafika pa kanema.

Zowawa zenizeni ndi mafilimu amene amafera m'njira, osajambulidwa n'komwe, ndipo zithunzi zake simungaonetse munthu.

Bwanji osazionetsa, si zanu?

Si zanu. Mumasainira pangano losunga chinsinsi musanaone n'komwe script, ndipo zimene mwajambula ndi katundu wa kampani. Filimu ikatuluka ambiri amalola kuti muike zina m'zitsanzo za ntchito yanu, koma pemphani kaye. Kuponya chithunzi cha filimu yosatuluka pa Facebook kapena Instagram ndi njira yachidule yothetsera ntchito yanu, chifukwa anthu a m'mafilimu ndi ochepa ndipo amauzana.

Ndalama zake zimakhala bwanji?

Ndi ganyu, ngakhale akhale wa malipiro abwino. Amalipira pa tsiku kapena pa sabata, ndipo filimu ikatha mumayambanso kusaka. Ku America ojambula storyboard za mafilimu a anthu enieni ali m'bungwe la Art Directors Guild, limene limakambirana malipiro oyambira. Kumene kulibe bungwe lotere mumadzilankhulira nokha. Miyezi ina ntchito imachuluka mpaka kukana ina, miyezi ina foni imangoti zii. Mu 2023 olemba mafilimu ndi ochita masewero ku America atanyanyala ntchito kwa miyezi ingapo, mafilimu ambiri anaima, ndipo njala yake inafika kwa anthu a m'mayiko ena amene sananyanyale nawo n'komwe. Ambiri timadalira malonda a pa TV pakati pa filimu ndi filimu. Amenewa amalipira msanga koma amafuna zonse mawa m'mawa.

Pa mafilimu ang'onoang'ono gwirizanani zinthu ziwiri musanayambe: kusintha kukhale kangati pa mtengo umenewo, ndipo gawo la ndalama liperekedwe poyamba. Lonjezo lakuti dzina lanu lidzatchuka siligula ufa.

Kodi makompyuta ndi AI sizikulandani ntchito?

Funso limeneli linabwerapo kale pamene previs inayamba, ija yopanga gawo lonse ndi zidole za pakompyuta ndi kamera yoyenda. Previs sinatithe, kawirikawiri imayambira pa storyboard yathu. Palinso animatic, pamene zithunzi zathu amazilumikiza ndi mawu ndi nyimbo kuti aone kutalika kwa gawo.

AI yatenga kale ntchito zina, makamaka zithunzi zokongola zokopa eni ndalama, ndipo sindinganame kuti sizikundidetsa nkhawa. Pamene imavutika ndi pa kusunga malo amodzimodzi, chitseko chomwecho, mbali yomweyo ya mzere uja, m'ma shot makumi angapo otsatana, komanso kumva dairekita akamalankhula zosamveka n'kuzindikira chimene akutanthauza. Amene amagulitsa kukongola kwa mzere ali pangozi kuposa amene amagulitsa nzeru ya poika kamera.

Kwathu kuno ntchito imeneyi ingapezeke?

Yoti munthu azidyera yokhayo chaka chonse, n'kovuta, chifukwa mafilimu athu ambiri amapangidwa ndi ndalama zochepa. Koma filimu yosauka ndi imene ikufunika storyboard kwambiri. Amene wabwereka kamera imodzi ndi jenereta kwa masiku owerengeka, ndipo dzuwa likumuthawa, sangayambe kuganiza za poika kamera anthu ataima kale. Oimba opanga mavidiyo, makampani otsatsa malonda ndi mabungwe opanga timafilimu tophunzitsa anthu ndiwo poyambira. Ku Cape Town kumajambulidwa mafilimu ndi malonda ambiri a makampani akunja, ndipo kulinso situdiyo ya makatuni ya Triggerfish, imene inapanga Supa Team 4, nkhani ya Malenga Mulendema wa ku Zambia. Ntchito yambiri masiku ano imatumizidwa pa intaneti, choncho wokhala ku Lilongwe kapena ku Chipata akhoza kuigwira, bola akhale ndi njira yoti magetsi akathima asaphonye nthawi imene analonjeza.

Ndiyambe bwanji?

Sankhani gawo la mphindi ziwiri la filimu imene mumaikonda, zimitsani mawu, ndipo muziimitsa paliponse pamene shot yasintha. Jambulani shot iliyonse m'kabokosi kakang'ono, kenako jambulani mapu osonyeza pamene kamera inaima. Mukachita zimenezi ndi mafilimu osiyanasiyana mudzayamba kuona zimene madairekita amabisa poyera. Yendani ndi kabuku, muzijambula anthu pamsika ndi pa siteji ya minibasi, amene sakuimirirani kuti muwajambule. Kenako tengani nthano kapena sewero la pa wailesi, limene lilibe zithunzi, mulikonzere storyboard yanuyanu, ndipo muipereke kwa munthu wosadziwa nkhaniyo kuti akufotokozereni zimene akuona. Pamene wasochera mpamene pali vuto.

Pofunsira ntchito musatumize nkhope za anthu otchuka. Tumizani magawo atatu athunthu: anthu awiri akukambirana nkhani yovuta, kuthamangitsana kapena ndewu, ndi gawo lopanda mawu limene munthu akudikira chinthu choopsa. Onjezanipo tizithunzi tanu tokandakanda tija pamodzi ndi mapu a kamera, chifukwa dairekita wodziwa ntchito amayamba kuyang'ana timeneto.